Filimu Imene Aliyense Anainyoza: Phunziro la Kuweruza Mwachilungamo

Pa 17 June 1977, kampani ya Warner Bros inatulutsa ku America filimu yotchedwa Exorcist II: The Heretic. Anthu anakhamukira kukaionera poganiza kuti akachita mantha ngati momwe anachitira ndi filimu yoyamba, The Exorcist, ya mu 1973. Koma m'malo mochita mantha, ambiri anangoseka. Olemba nyuzipepala anainyoza kwambiri, moti John Boorman, amene anaitsogolera, anaifupikitsa n'kusintha mathero ake filimuyo itayamba kale kuonetsedwa. Mu 1980, buku lotchedwa The Golden Turkey Awards linaiika pa nambala 2 pa mafilimu oipitsitsa, potengera mavoti a owerenga.

Phunziro lathu silikukutumani kukaionera. Tikuigwiritsa ntchito pophunzira luso limene wophunzira aliyense ayenera kukhala nalo: kuweruza chinthu monga momwe chilili pamene khamu lagamula kale. Tidzifunsa mafunso atatu, ndipo tisawasakanize.

Funso loyamba: Kodi filimuyi inkafuna kuchita chiyani?

Filimu yoyamba, imene anaitsogolera William Friedkin kuchokera m'buku la William Peter Blatty, inkasimba za Regan, mtsikana wa zaka 12 wogwidwa ndi chiwanda m'dera la Georgetown ku Washington. Inali yoopsa zedi, ndipo inapata mphoto ziwiri za Oscar. Boorman sankaikonda. Iye ankaiona ngati nkhani yongoonetsa mwana akuzunzika. Choncho atavomera kupanga yachiwiri, anafuna kusimba za ubwino.

Nkhani yake ikuchitika patapita zaka zinayi. Regan, amene akuseweredwanso ndi Linda Blair, akukhala ku New York ndipo akuthandizidwa ndi dokotala wa matenda a maganizo, Gene Tuskin. Bambo Lamont, amene akuseweredwa ndi Richard Burton, atumidwa kukafufuza za imfa ya Bambo Merrin, wansembe amene anamwalira akutulutsa chiwanda chija. Kafukufukuyo akuwafikitsa ku Africa, kumene akukumana ndi Kokumo, munthu amene ali mnyamata anagwidwapo ndi chiwanda chomwecho, chotchedwa Pazuzu. Mfundo ya filimuyi ndi yakuti chiwandacho chimasaka anthu okhala ndi mphatso yochiritsa ena.

Apa tikuona gwero limodzi la mkwiyo wa oonera. Anagula tikiti pofuna chinthu china, ndipo anapatsidwa china. Kukhumudwa kwawo n'komveka, koma kukungotiuza zimene iwo ankayembekezera. Sikukutiuza ngati chimene anapatsidwacho chinali chabwino kapena choipa.

Funso lachiwiri: Kodi inakwanitsa?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikadekha, tipeza kuti zina zinayenda bwino. Nyimbo zake anapeka ndi Ennio Morricone, katswiri wa ku Italy, ndipo ambiri mwa amene amanyoza filimuyi amaziyamikirabe. Zithunzi zimene anajambula William Fraker, makamaka pamene oonera akuuluka limodzi ndi dzombe pamwamba pa dziko, n'zokopa maso.

Fanizo la dzombe lilinso ndi maziko. Kokumo atakula ndi wasayansi wofufuza dzombe, ndipo akufotokoza kuti tizilomboti timasintha khalidwe tikamakhudzanakhudzana. Zimenezi zili ndi choonadi chake. Mu 1921, Boris Uvarov anaonetsa kuti chiwala chokhala chokha ndi dzombe louluka m'chigulu zingakhale mtundu umodzi womwewo, kungoti kuthithikana kumasintha maonekedwe ndi khalidwe lake. Boorman anatenga mfundo imeneyi kuti aonetse momwe choipa chimafalikira m'khamu, komanso kuti m'modzi wokana kutengeka angaimitse gulu lonse.

Zolephera zake nazonso ziliko, ndipo n'zazikulu. Nkhani inkalembedwanso kujambula kuli mkati, ndipo zotsatira zake zikuonekera: magawo ena sakulumikizana. Makina a Dokotala Tuskin, amene amathwanima magetsi kuti anthu awiri alowe m'maganizo amodzi, ndi ovuta kuwakhulupirira, chonsecho nkhani yonse yatsamira pamenepo. Mawu ena amene ochita sewero anapatsidwa ndi olemera mopitirira muyeso, n'chifukwa chake anthu ankaseka. Africa ya m'filimuyi yambiri inamangidwa m'situdiyo ku California, ndipo ikuoneka ngati dziko la m'maloto a mlendo: matanthwe, miyambo yachilendo ndi mantha. Chokhacho chowongolako n'chakuti Kokumo akuonekanso monga munthu wophunzira wovala chovala cha mu labotale.

Chigamulo cholungama pa funso ili n'chakuti filimuyi inali ndi maganizo aakulu koma inalephera kuwasimba bwino. Chigamulochi chikusiyana ndi kungonena kuti ndi yachabechabe. Martin Scorsese, m'modzi mwa otsogolera mafilimu otchuka, anaikhalira kumbuyo poyera. Iye anati filimuyi ikufunsa ngati ubwino waukulu umadziitanira choipa chachikulu, ndipo anagwirizanitsa funsolo ndi nkhani ya Yobu. Pauline Kael, amene ankalemba za mafilimu m'magazini ya The New Yorker, anayamikira zithunzi zake ngakhale kuti anaona zofooka za nkhaniyo. Sitikuyenera kugwirizana nawo chifukwa choti ndi otchuka, pakuti kutero n'kungosintha khamu lolitsatira. Chofunika n'chakuti iwo anapereka zifukwa zimene tingathe kuziyesa.

Funso lachitatu: Kodi zimene ikuphunzitsa n'zoona?

Filimu ingathe kujambulidwa mwaluso koma n'kuphunzitsa bodza, ndipo ingathe kukhala yosalongosoka koma n'kufunsa funso loyenera. Funso la Exorcist II n'loyenera. Yobu anayesedwa ali wolungama, ndipo Yesu anayesedwa m'chipululu atangobatizidwa kumene.

Yankho lake ndi limene likusiyana ndi Malemba. Filimuyi inatengera maganizo a Pierre Teilhard de Chardin, wansembe wa ku France amenenso anali wasayansi, amene ankaphunzitsa kuti mtundu wa anthu ukukwera pang'onopang'ono kulowera ku umodzi wa maganizo. N'chifukwa chake m'filimuyi choipa chikugonjetsedwa ndi mphamvu yobisika mwa Regan, mothandizidwa ndi makina komanso mwambo wothamangitsira dzombe. M'Mauthenga Abwino, ziwanda zimagonjera ulamuliro wa Khristu. Machitidwe 19:13-16 akusimba za ana a Skeva amene anayesa kugwiritsa ntchito dzina la Yesu ngati chithumwa, ndipo anathawa ali ovulala. Palibe njira, chida kapena mphatso ya munthu imene payokha ingalowe m'malo mwa ulamuliro umenewo.

Onani kuti tafika pokana uthenga wa filimuyi popanda kuinamizira. Tatchula zabwino zake, tatchula zolephera zake, kenaka tayesa chiphunzitso chake. Munthu angathe kuchita zonsezi n'kusankhabe kusaionera, potsatira muyeso wa pa Afilipi 4:8 wa zinthu zoyenera kudzaza nazo maganizo. Kuweruza mwachilungamo sikukakamiza munthu kudya chilichonse chimene wachiyeza.

Chifukwa chake n'zofunika

Chizolowezi chimene timachigwiritsa ntchito pa filimu ndi chomwecho chimene timachigwiritsa ntchito pa anthu. Miyambo 18:13 imachenjeza za kuyankha nkhani tisanaimvetse, ndipo Eksodo 23:2 imaletsa kutsata unyinji popotoza mlandu. Wophunzira amene amabwereza chigamulo cha gulu pa buku limene sanaliwerenge adzachitanso chimodzimodzi pa mphunzitsi watsopano, pa mlaliki amene ena sakumukonda, kapena pa mnzake amene mbiri yake yaipa m'hositelo. Filimu siimva kuwawa ikanamiziridwa, koma munthu amamva.

Mafunso okambirana

1. Tchulani buku, nyimbo kapena ulaliki umene munauweruza musanaumve nokha. Chigamulo chanu chinachokera kwa yani?
2. Kodi kunena kuti "sizinandisangalatse" kukusiyana bwanji ndi kunena kuti "sizinapangidwe bwino" kapena kuti "si zoona"?
3. Werengani 1 Atesalonika 5:21-22. Mavesi awiriwa akuthandizana bwanji posankha zoonera?