Phunziro: Kuwerengera Liwiro la Intaneti

Amene amatunga madzi pa mpopi amadziwa kuti tsiku lina ndowa imadzaza msanga, tsiku lina madzi amangodontha mpaka mzere kutalika. Ndowa ndi yomweyo, chasintha ndi mphamvu ya madzi. Intaneti nayonso ili choncho. Chithunzi chimene mwana wanu watumiza kuchokera ku Johannesburg ndiye ndowa, ndipo liwiro la intaneti ndiye mphamvu ya madzi.

Biti ndi baiti

Foni ndi kompyuta zimagwira ntchito ndi manambala awiri okha, 0 ndi 1. Nambala imodzi yotere imatchedwa biti. Mabiti 8 akakhala pamodzi amapanga baiti imodzi, monga mmene tomato angapo amapangira mulu umodzi pamsika.

Apa mpofunika kupenyetsetsa, chifukwa anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amasokonezeka pomwepa. Biti imalembedwa ndi b wamng'ono. Baiti imalembedwa ndi B wamkulu. Liwiro limayezedwa ndi mabiti, koma kukula kwa chithunzi, nyimbo kapena bandulo kumayezedwa ndi mabaiti. Mukaona kbps, ndiye kuti mabiti 1,000 pa sekondi. Mukaona Mbps, ndiye kuti mabiti miliyoni pa sekondi. Koma MB ya pa bandulo yanu ndi muyeso wa kuchuluka kwa zinthu, monga thumba la chimanga. Lembani zilembo ziwirizi m'kope lanu, b ndi B, ndipo muziyang'ane bwino. Kuti muchoke pa b kufika pa B, gawani ndi 8.

Modemu yakale

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, intaneti inkadutsa m'waya wa telefoni ya m'nyumba. Pakati pa kompyuta ndi waya pankakhala kabokosi kotchedwa modemu. Kankaimba nambala ngati munthu, kenako n'kulira mokwiyiza, kwiii, shwaaa. Ntchito yake inali kusandutsa manambala aja kukhala phokoso loyenda m'waya. Wina akakhala pa intaneti, telefoni inkakhala yotanganidwa, ndipo nthawi ikamatalika bilu inkakwera.

Mamodemu ankasiyana mphamvu: 14.4, 28.8, 33.6 mpaka 56 kbps. Tiyeni titenge yamphamvu kwambiriyo:

56 ÷ 8 = 7

Choncho inkakoka 7 KB pa sekondi (KB imodzi ndi mabaiti 1,000). Chithunzi cha 1 MB chili ndi 1,000 KB. Tikagawa 1,000 ndi 7 tipeza masekondi pafupifupi 143, kutanthauza mphindi ziwiri ndi masekondi 23, chithunzi chimodzi chokha. Komanso waya akakhala wakale kapena wautali, liwiro silinkafika n'komwe pa 56.

Mawaya a digito

Makampani a matelefoni ali ndi njira ina yonyamulira manambala popanda kuwasandutsa phokoso. Njira imodzi ya munthu mmodzi woyankhula imanyamula 64 kbps. Akatswiri amamanga njirazi pamodzi ngati mtolo wa nkhuni. Ku Europe ndi kuno ku Africa mtolowo umatchedwa E1, ndipo uli ndi njira 32:

32 × 64 = 2,048 kbps

Ku America mtolo wawo ndi T1, wa njira 24, ndipo liwiro lake ndi 1,544 kbps.

Kodi E1 imodzi ikufanana ndi mamodemu angati? Gawani 2,048 ndi 56. Yankho ndi pafupifupi 36 ndi theka. Nanga chithunzi chija? 2,048 ÷ 8 = 256 KB pa sekondi. Chimene chinkatenga mphindi ziwiri ndi kuposa chikufika m'masekondi pafupifupi 4.

Chenjezo

Mpopi wamphamvu sukulitsa thanki, umangoimaliza msanga. Chithunzi cha 1 MB chimadya 1 MB, kaya chabwera mothamanga kaya mochedwa. Kale kuchedwa kunkamuletsa munthu kuwononga. Lero mavidiyo a m'magulu a WhatsApp akhoza kulowa okha inu muli kumunda, ndipo pobwerako mungapeze bandulo yatha. Ndalama imeneyo ikanagula sopo kapena mchere. Pemphani mwana kapena mphunzitsi wanu akuonetseni potsekera kuti mavidiyo asamalowe okha. Muzitsegula okhawo amene mukuwafuna. Musanapatse mdzukulu foni, onani ma MB otsala, ndipo akabweza muonenso.

Mafunso

1. Kodi baiti imodzi ili ndi mabiti angati?
2. Kodi b ndi B zikusiyana bwanji?
3. Njira ya 64 kbps imakoka ma KB angati pa sekondi?
4. Nyimbo ya 4 MB ingatenge masekondi angati pa E1?
5. Kambiranani awiriawiri: kodi bandulo ya kunyumba kwanu imathera kuti?