Jekete la panjinga m'nyengo yachisanu: liyeseni mutawerama musanalipire

Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka mu Ogasiti, munthu wonyamuka ku Chunga, mu Lusaka, panjinga cha m'ma 5 koloko m'mawa amadutsa nyengo ziwiri tsiku limodzi. Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,300, ndiye mu Juni ndi Julayi mbandakucha kumatha kuzizira mpaka pansi pa madigiri 10, koma dzuwa likakwera kumafunda kupitirira madigiri 20. Mvula kulibe. Chimene chilipo ndi mphepo youma yochokera chakum'mawa, ndi fumbi. Jekete limene mukufuna ndi la nyengo imeneyi, ndiponso la munthu amene akupalasa. Ambiri amene ndimawaona mumsewu wa Lumumba, alonda obwerera kunyumba, anyamata opita kumafakitale a ku Mungwi Road, azibambo a malasha, anagula jekete loyenera munthu woima pasiteshoni kudikira minibasi. Ndalama zinapita, chisanu chikuwalowabe.

Za kogula sindichedwapo. Salaula, zovala zovalidwapo kale zija, mukuidziwa: ku Soweto, ku City Market, pamsika wa Matero, ngakhale pathebulo lapafupi ndi kwanu. Tengani ndalama zapakati pa K150 ndi K250, mwina zitsalako. Valani malaya ndi juzi zimene mumavala popita kuntchito, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi njinga yanu yomweyo. Mupite dzuwa lili pamutu, kuti muone bwino pong'ambika ndi pofumuka.

Mukafika pamulu wa majekete, dzanja lidzathamangira jekete lolemera kwambiri, lofufuma lija la ubweya m'khosi. Libwezeni pamene munalitola. Mabelo ambiri a salaula amachokera kumayiko monga Britain, Canada ndi America, ndipo majekete olemerawo anasokedwera anthu oyenda pansi kumene chisanu chimaumitsa madzi panja. Inu simukuyenda pansi. Thupi likamapalasa limatentha kwambiri, makamaka panjinga yolemera ngati Buffalo, imene kaliyala yake inapangidwa kuti inyamule mpaka makilogalamu 100. Mukavala chijekete chimenecho, musanadutse n'komwe Matero msana wanyowa kale. Vesiti yanyowa, malaya anyowa, nsalu yam'kati mwa jekete yamwa thukuta. Kenako mumaima pamaloboti, kapena mumafika kuntchito n'kukhala pansi, ndipo chinyezi chija chimayamba kukoka kutentha m'thupi, chifukwa nsalu yonyowa imataya kutentha msanga kuposa youma. Apa m'pamene munthu amanjenjemera ali m'kati mwa jekete la K400, n'kumaganiza kuti akanagula lolemera kuposa pamenepo.

Chimene chimakuvutitsani panjinga ndi mphepo. Ngakhale kunja kuli bata, mukamathamanga makilomita 15 kapena 20 pa ola mumadzipangira mphepo yanuyanu, imene imalowa pachifuwa, pakhosi ndi m'mikono, n'kuchotsa mpweya wofunda umene thupi lasunga pafupi ndi khungu. Ntchito ya jekete ndi kutseka mphepoyo basi. Kufunditsa ndi ntchito ya juzi imene ili m'kati. Choncho funani jekete lopepuka, lopyapyala, la nsalu yoterera, ngati aja amavala osewera mpira ndi othamanga. Litembenuzeni, muwerenge kansalu kolembedwa kamene kamasokedwa m'mbali chakumunsi. Pakalembedwa nylon, polyamide kapena polyester, pitirizani. Pakalembedwa cotton, lisiyeni, pakuti thonje limamwa thukuta ndipo limachedwa kuuma. Majekete a jinzi nawonso ali m'gulu lomwelo.

Nsaluyo iyeseni ndi mpweya wanu. Fumbatani dzanja kusiya kabowo, phimbani mbali imodzi ndi nsalu ya pachifuwa cha jekete, ikani dzanja linalo kuseri kwake, kenako uzirani mwamphamvu. Mpweya ukadutsa mosavuta, mphepo ya mumsewu idzadutsanso. Ukamadutsa pang'ono, movutikira, mwapeza nsalu yabwino. Ukapanda kudutsa konse, ndipo m'kati mwa jekete muli ngati labala, imeneyo ndi lenikoti, ndipo thukuta lanu silidzapeza potulukira.

Tsopano tafika pamene pamagwa anthu ambiri, ngakhale amene asankha nsalu yabwino. Munthu amavala jekete, amaima chilili, mikono ili m'mbali, amadziyang'ana m'mapewa, wogulitsa n'kuti, "Lakukhalani bwino abambo, ngati anachita kukuyezani." Amalipira. M'mawa mwake akakwera njinga n'kugwira mahandulo, manja a jekete akwera mpaka pakati pa mkono, kumbuyo lakwera n'kusiya chiuno pamtunda, m'khwapa likukoka. Mphepo yonse imene nsalu yatseka pachifuwa ikulowera m'mipata imeneyi. Wogulitsa sananame. Jeketelo limamukhaladi bwino munthu ataima, koma panjinga palibe amene amaima chilili.

Ndiye liyeseni mutawerama. Livaleni pamwamba pa juzi yanu, tsekani zipi mpaka kukhosi, khalani pachishalo, gwirani mahandulo monga mumagwirira mukakhala pamsewu. Ngati njinga mwaisiya kunyumba, weramani n'kugwira m'mphepete mwa thebulo la wogulitsa, mikono itatambasukira kutsogolo. Musachite manyazi ndi anthu amene akukuyang'anani, iwo sadzakhala nanu pamsewu mbandakucha. Dziwaninso kuti njinga zimasiyana. Pa Buffalo ndi pa njinga zakale zija zotchedwa Eagle munthu amakhala chowongoka pang'ono, koma pa njinga za magiya za mahandulo owongoka amawerama kwambiri. Weramani monga njinga yanu imakuweramitsirani, osati kungopendeka pang'ono kuti mwambo uchitike.

Muli chiweramire choncho, yambani ndi mikono. Manja a jekete afike mpaka pamene dzanja limayambira, aphimbe pamene pamakhala wotchi. Akafupika ndi zala ziwiri zokha, mpata umenewo ndi wokwanira kuti mphepo ikwere mpaka m'chigongono. Kumapeto kwake kukhale lasitiki yogwira, kapena kalamba komata. Lasitiki ikakhala yakufa, yotambasuka, telala angaike ina, koma muchotseretu ndalamayo pamtengo.

Kenako pisani dzanja limodzi kumbuyo, mukhudze pamene jekete lathera. Liyenera kuphimba lamba wa thalauza n'kupitirira ndi chikhatho chimodzi, muli chiweramire. Ndikubwereza: muli chiweramire, osati mutadzuka. Apa m'pamene anthu amadzinamiza, amawongoka pang'ono pofuna kukhudza kumbuyo, jekete limatsika, iwo n'kuti lakwana. Pemphani wogulitsa kapena mnzanu akuonereni ngati malaya akuoneka kumsana. Jekete lalifupi la lasitiki m'chiuno, lija achinyamata amalikonda, limalephera pamenepa pafupifupi nthawi zonse. Labwino ndi limene kumbuyo kwake ndi kotalikirapo kuposa kutsogolo.

Musadzuke kaye. Tambasulani mkono umodzi kumbali ngati mukuuza galimoto kuti mukukhota, kenako winawo. Likamakoka m'mapewa kapena m'khwapa, ndi laling'ono, ndipo msoko wakumsana sudzatha nyengo imodzi. Cheukani kumanja ndi kumanzere monga mumachitira pofuna kudutsa msewu. Kolala ikwere n'kuphimba khosi, koma isakutsamwitseni, ndipo zipi isakubayeni pachibwano. Ngati jekete lili ndi chipewa chake chakumbuyo, chivaleni n'kucheukanso. Zambiri mwa zipewa zimenezi sizitembenuka pamodzi ndi mutu, mumacheuka n'kuona nsalu m'malo moona minibasi imene ikutuluka pasiteshoni. Chipewa chotero ndi choopsa. Sankhani jekete lopanda chipewa, kapena limene chipewa chake chimapindidwira mu kolala, ndipo makutu muwaphimbe ndi chisoti chaubweya.

Wina akaona kuti jekete lafupika amathawira ku lalikulu kwambiri, ndipo pamsika salephera kupezeka wonena kuti, "Tengani lalikulu akulu, muzivala zambiri m'kati." Malangizo amenewa amandikwiyitsa, chifukwa ndaona zimene amabweretsa. Jekete lalikulu limalola mphepo kulowa pakhosi ndi m'munsi, n'kutupa kumsana ngati thumba la pulasitiki louluka pamtaya wa Chunga. Limakubwezani m'mbuyo popalasa, ndipo mpweya wofunda sukhalitsamo. Muyeso wake ndi uwu: mutavala juzi, chibakera chimodzi chilowe pakati pa chifuwa ndi jekete, osapitirira apo. Lalitali lofika m'ntchafu limakola kuchishalo potsika, ndipo zingwe zolendewera zimatha kulowa mu masipoko kapena mu tcheni. Ngati jekete mwalikonda koma zingwe zake n'zazitali, zidulidwe tsiku lomwelo.

Zonsezi sizitenga mphindi zisanu. Musatulutse ndalama musanawerame. Ngakhale wogulitsa akufulumizeni kuti wina akulifuna, ngakhale mtengo ukhale wotsika bwanji, jekete limene simunaliyese mutawerama simunaliyese.

Likapambana pamenepo, onani zipi. Ikhale yoyenda kuchokera pansi mpaka kukhosi, osati jekete lovalira kumutu, chifukwa zipi ndi imene mudzachepetsere kutentha muli paulendo. Itsekeni ndi kuitsegula kangapo, komaliza ndi dzanja limodzi. Yolimba pang'ono imafewa mukapaka kandulo m'mano mwake. Yoguluka mano kapena yotseguka yokha kumunsi ndi yakufa, ndipo kuika yatsopano kwa telala kungadye K50 kapena kuposerapo, mwina theka la mtengo wa jeketelo. Likwezeni kudzuwa kuti muone timabowo, makamaka ta moto wa fodya, ndipo kokani pang'ono misoko ya m'khwapa.

Mtundu wake si nkhani ya kukongola. Jekete lakuda silionetsa litsiro, n'chifukwa chake limatha msanga pamulu, koma munthu wovala zakuda mumsewu wa Lumumba kapena Great North Road kusanache saoneka kwa woyendetsa thiraki mpaka atayandikira kwambiri. Tengani lachikasu, lofiira kapena loyera, ndipo likakhala ndi timizere tonyezimira ndiye bwino koposa. Ngati limene lakukwanani ndi lakuda, gulani kavesiti konyezimira kaja ka omanga misewu, kapafupifupi K40, muzivala pamwamba. Apo ayi telala akusokereni mizere yonyezimira kumsana ndi m'mikono.

Pamtengo muli ndi mwayi, chifukwa anthu amalimbirana majekete olemera, opepukawa amatsalira. Ndikuganiza kuti pakati pa K70 ndi K150 mungapeze labwino, kutengera msika ndi pakamwa panu. Tsiku limene belo latsegulidwa mitengo imakhala yokwera koma zosankha zimachuluka, pakapita masiku mitengo imatsika. Wanzeru amagula mu Okutobala kukutentha, pamene palibe wofunsa jekete. Atsopano a m'masitolo a ku Kamwala angafike K250 kapena K350, ndipo kukhala latsopano sikutanthauza kuti lisayesedwe. Weramani nalonso.

Pali zina zimene anthu amauzana zimene ndikupempha muzisiye. Kuvala thumba la pulasitiki m'kati mwa malaya kumatseka mphepo, inde, koma kumakusambitsani thukuta. Kumwa kachasu musananyamuke sikufunditsa. Mowa umatumiza magazi kukhungu, mumamva ngati mwafunda pomwe thupi likutaya kutentha, ndipo maso ndi manja zimachedwa pamsewu wodzaza magalimoto. Njira yakale imene imathandizadi ndi nyuzipepala. Pindani masamba awiri kapena atatu, muwaike pachifuwa pakati pa juzi ndi jekete pa m'mawa wozizira kwambiri, kukafunda muwachotse. Okwera njinga pampikisano wa Tour de France akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri akamayamba kutsika mapiri.

Kavalidwe kake ndi aka. Pakhungu, vesiti kapena jezi ya mpira ya polyester, osati ya thonje. Pamwamba pake juzi yopepuka, kenako jekete. Potuluka m'nyumba muzimva kachisanu pang'ono, chifukwa pakatha mphindi khumi mukupalasa thupi lidzakhala litafunda. Ngati mwatuluka muli wofunda bwino, mwavala zambiri. Tsitsani zipi musanayambe kutuluka thukuta, makamaka pokwera mtunda kapena mutasenza katundu, ndipo muikwezenso mukaima. Pobwerera madzulo juzi ilowe m'chikwama, jekete lokha likwanira, ndipo lopepukali limapindika n'kumangidwa pakaliyala popanda vuto.

Lichapeni musanayambe kulivala, m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osalipukusa pamwala. Liyanikeni pachingwe, limauma msanga. Musaliyanike pafupi ndi mbaula ndipo musalisite, chifukwa nayiloni imasungunuka ndi kamoto kochepa, ndipo bowo lake silisokeka bwino. Ndalama zikatsalako, K20 kapena K30, gulani magolovesi pamulu womwewo. Zala zouma ndi chisanu zimachedwa kugwira mabuleki.