Malangizo: Kumanga Kasinja wa Pulasitiki wa T-55 ndi Kumukalambitsa

Kasinja wa pulasitiki amabwera m'bokosi ali tizidutswa tambirimbiri tolendewera pa mafelemu. Ntchito yake ili pawiri: kulumikiza tizidutswato, kenako kumupaka utoto kuti aoneke ngati wayendadi m'tchire. Kulumikiza kumangofuna kudekha. Pokalambitsa ndiye ambiri amapsa mtima ndi ntchito yawoyawo, chifukwa amathira matope ndi dzimbiri paliponse mpaka kasinja amafanana ndi chitsulo chotayidwa kudzala. Mfundo yoti muigwire kuyambira pano ndi iyi: banga lililonse limene muike likhale ndi chimene chinalibweretsa, kaya ndi nsapato ya msilikali, utsi wa injini kapena nthambi ya mtengo.

1. Sankhani kasinja, musankhenso kumene anali.

Kwa woyamba kumene, ndimakonda T-55A wa kampani ya Tamiya ya ku Japan, wa sikelo ya 1/35, chifukwa tizidutswa take timalowana bwino popanda kulimbana nato. Mabokosi amenewa sapezekapezeka m'masitolo akwathu, choncho ambiri amaitanitsa kapena kutuma abale ochokera ku Johannesburg ndi ku Britain.

T-55 anayamba kupangidwa ku Soviet Union mu 1958. Amalemera pafupifupi matani 36, ali ndi mzinga wa mamilimita 100, ndipo m'kati mumakhala asilikali anayi. Anafika mayiko ambiri a mu Africa muno, kuphatikizapo Mozambique ndi Angola. Pa nkhondo ya ku Cuito Cuanavale ya mu 1987 ndi 1988, asilikali a boma la Angola anagwiritsa ntchito akasinja a mtundu umenewu polimbana ndi gulu loukira boma la UNITA ndi asilikali a South Africa, m'dera la mchenga wofewa ndi nkhalango zowirira. Mukasankha kasinja wa kumeneko, fumbi lake likhale lotuwa ngati mchenga, ndipo m'mbali mwake muoneke zokandika ndi mitengo. Mukasankha wa dera la katondo, fumbi lifiire. Tsimikizani zimenezi musanatsegule botolo la utoto, ndipo funani zithunzi zenizeni ziwiri kapena zitatu zoti muziyang'anapo.

2. Mvetsani sikelo.

1/35 ikutanthauza kuti sentimita imodzi pa kachifanizo kanu ndi masentimita 35 pa kasinja weniweni. Munthu wamtali masentimita 175 amakhala wa masentimita 5 okha. Kasinja wa mamita 9, kuwerengera ndi mzinga womwe, amatsala pafupifupi masentimita 26. Tsono kambewu ka mchenga ka milimita imodzi kamasanduka mwala wa masentimita atatu ndi theka, ndipo kadontho ka utoto kamene mukuyesa kakang'ono kakhoza kukhala kokula ngati chikhatho. Masamu amenewa muwakumbukire nthawi iliyonse dzanja likamayabwa kuti muwonjezere.

3. Sonkhanitsani zida.

Mufunika chodulira zikhadabo kapena kapulayala kakuthwa, kampeni kosongoka kapena lezala, sandipepala wa nambala 400, 600 ndi 1000, kopanira tinthu tating'ono, timitengo totokosera m'mano, tithonje ta m'makutu, siponji, pensulo, mswachi wakale ndi maburashi atatu: yosongoka kwambiri, yapakati ndi yophwatalala. Pa zomatira, pezani guluu wamadzi wa pulasitiki monga Tamiya Extra Thin Cement. Utoto ukhale wa mitundu iwiri: wa acrylic wopakira thupi, ndi wamafuta wa m'machubu umene amagwiritsa ntchito ojambula zithunzi, wobulawuni ndi wakuda. Wosungunulira utoto wamafutawo ndi white spirit.

Thina wa penti ya galimoto musamuyandikize. Amadya pulasitiki, ndipo chimene wadya sichibwerera. Chimodzimodzi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo.

4. Tsukani, werengani, kenako dulani.

Viikani mafelemu m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, muwapukute ndi mswachi, aume okha. Werengani pepala la malangizo lonse kaye, chifukwa pali malo amene muyenera kuboola timabowo mbali ziwiri zisanamatidwe. Dulani kachidutswa kokhako kamene mukukafuna nthawi imeneyo. Musakathyole ndi zala. Dulani patali pang'ono, kotsalako mukapale ndi mpeni, mukasalaze ndi sandipepala. Gwirirani ntchito m'thireyi kapena m'chivundikiro cha bokosi, poti kachidutswa kakagwa pansi kamasowa.

5. Matani ndi guluu wochepa.

Guluu wa pulasitiki samata ngati phala la ufa. Amasungunula mbali ziwirizo pang'ono kuti ziwotcherane n'kukhala chinthu chimodzi. Choncho yesani kaye tizidutswa popanda guluu. Tikalowana bwino, tigwirizeni, mukhudze mpata wake ndi nsonga ya burashi yonyowa, guluuyo ayenda yekha m'mzeremo. Chala chisakhale pafupi: akalowa pansi pa chala, chidindo chanu chimatsala pa pulasitiki. Zikatero musapukute. Dikirani mpaka mawa, musalaze ndi sandipepala.

Mangani m'magawo atatu, thupi palokha, mutu wozungulira umene umanyamula mzinga pawokha, mawilo pawokha. Popaka utoto mudzaona ubwino wake.

6. Fafanizani mizere imene kasinja weniweni alibe.

Mpope wa mzinga ndi migolo iwiri ya dizilo ya kumbuyo kawirikawiri zimabwera zogawika pakati. Mukazimata pamatsala mzere wautali. Upaleni ndi msana wa mpeni, kenako kulungani sandipepala mozungulira mpopewo n'kumaupotoza, kuti usaphwatalale mbali imodzi. Pamene patsala mpata, tsekani ndi phala lotsekera mipata lotchedwa putty. Koma samalani, si mzere uliwonse umene uli wolakwika. Mizere ya kuwotcherera ndi khungu lokhakhala la mutu wa kasinja, umene unaumbidwa ndi chitsulo chosungunula, zisiyeni momwemo.

7. Mawilo ndi matcheni.

T-55 ali ndi mawilo akuluakulu asanu mbali iliyonse, ndipo pakati pa loyamba ndi lachiwiri pali mpata waukulu umene anthu amamuzindikirira. Wilo la mano limene limakoka tcheni lili kumbuyo. Pamwamba palibe timawilo tonyamula tcheni, ndiye tcheniyo imagwa n'kugona pa mawilo apakati. Matcheni ofewa a m'bokosi amakonda kuima mowongoka ngati lamba, zimene zimaululiratu kuti ndi chidole. Pomaliza penipeni, amatireni pamwamba pa mawilo apakati ndi kadontho ka supaguluu, kapena amangeni ndi ulusi wopyapyala wakuda. Onetsetsani kuti mawilo onse akugunda pansi.

8. Pakani primer, kenako mtundu wa thupi.

Primer amagwiritsa utoto pa pulasitiki ndiponso amaonetsa zolakwika zimene maso anaphonya. Ngati ndi wopopera, gwedezani chitini kwa mphindi ziwiri, muime patali masentimita 20 mpaka 30, dzanja lizidutsa osaima malo amodzi. Poperani panja kapena pa zenera lotsegula, kutali ndi mbaula, kandulo ndi ana.

Mtundu wa thupi ndi wobiriwira woderako, umene akasinja a ku Soviet Union ankatuluka nawo ku fakitale. Burashi imakwanira bwino lomwe, bola musungunule utoto ukhale wopepuka ngati mkaka. Kupaka koyamba kudzaoneka kwa mawangamawanga, musade nkhawa. Dikirani ola limodzi, mupakenso modutsana ndi poyamba, mpaka katatu. Kupaka kamodzi kokhuthala kumakwirira timabawuti ndi timizere tonse timene munalipira ndalama. Pa malo oyang'ana kumwamba, sakanizani kobiriwirako ndi kachikasu pang'ono, chifukwa dzuwa limasulutsa pamwamba kuposa m'mbali. Mphira wa mawilo akhale wotuwa moderako, osati wakuda bii. Matcheni akhale obulawuni modera, ndipo chipika chimene chimamangidwa kumbuyo, chothandizira kasinja akatitimira, chikhale cha mtundu wa mtengo wouma.

Nyengo imalowererapo. M'mwezi wa Okutobala utoto wa acrylic umaumira pa burashi, ndiye pakani m'mamawa. Nthawi ya mphepo vundikirani ntchito yanu ndi bokosi fumbi lisamatirire. Tsiku la mvula kapena la chiperoni musapopere vanishi, amachita mbuu.

9. Masitika ndi vanishi.

Pakani vanishi wonyezimira wa acrylic thupi lonse. Viikani sitika m'madzi ofunda kwa masekondi 10 mpaka 20, muitsetserekere pamalo pake, mufinye madzi ndi kathonje. Pa utoto wosasalala mpweya umatsekereka pansi pa sitika, n'kumaoneka ngati siliva. Ikauma pakaninso vanishi, musiye maola 24. Vanishi ameneyu ndiye chishango chimene chiteteze utoto wanu ku white spirit.

10. Imani kaye, mukaone katapila.

Musanayambe kukalambitsa, pitani pamene akukonza msewu mukayang'ane katapila kapena thalakitala imene ikugwira ntchito. Pemphani chilolezo, muyandikire. Mudzaona kuti fumbi silikhala paliponse mofanana: launjikana m'makona, kuseri kwa mabawuti ndi pansi pa madigadi, koma pamene dalaivala amaponda pokwera ndi pamene amagwira ndi manja pali poyera, mwina pakunyezimira. Mano a tcheni amene amagunda nthaka awala ngati mpeni wonola, pomwe m'mipata mwake mwadzaza dothi louma. Pakamwa pa thanki pali banga lakuda la dizilo limene lakoka fumbi n'kutsetsereka pansi. Mphindi makumi awiri pamenepo zimaphunzitsa zimene buku silingathe. Jambulani ndi foni.

11. Detsani mipata.

Sungunulani utoto wamafuta wobulawuni, gawo limodzi ku magawo pafupifupi khumi a white spirit. Ndi burashi yosongoka, khudzani bawuti iliyonse, mzere uliwonse wowotcherera ndi m'mphepete mwa zitseko. Utotowo uyenderera wokha. Pakapita mphindi 15, chotsani wosefukira ndi burashi yonyowa pang'ono ndi white spirit woyera. M'mbali mwa mutu kokerani burashi kuchokera pamwamba kutsikira pansi, mmene madzi a mvula amayendera. Siyani ziume tsiku limodzi kapena awiri. Musasambitse kasinja yense mu utotowu, angoda.

12. Kusupuka kwa utoto.

Ng'ambani kasiponji kochepa ngati nyemba, mukaviike mu utoto wa acrylic wobulawuni wosakaniza ndi wakuda, mukadinde pa pepala mpaka katsale pang'ono kuuma. Kenako gundani mopepuka m'mphepete mwa chitseko cha dalaivala, chimene chili kutsogolo chakumanzere, pa zitseko ziwiri za pamutu, pa zogwirira, pa ngodya za mabokosi a zida ndi kutsogolo kwa madigadi. Kwa kasinja wa m'nkhalango za Angola, jambulani timizere tochepa topingasa m'mbali ndi utoto wobiriwira wowalirapo, ngati mmene nthambi zimakandira. Timizereto tisafanane kutalika, ndipo tisakhale pa mipata yofanana. Mukaona ngati mwatsala pang'ono kukwanitsa, lekerani pomwepo.

13. Dzimbiri likhale lochepa.

Apa ndimalimbikira kwambiri. Kasinja amene ali pa ntchito amakhala ndi anthu anayi omupukuta, kumuthira girizi ndi kumupakanso utoto, chifukwa moyo wawo uli mwa iye. Dzimbiri limaoneka pa ekizozi pamene kutentha kunapsereza utoto, pa zidutswa za tcheni zapadera, pa zingwe zachitsulo zokokera, ndi pa malata opyapyala a madigadi amene apindika. Kwina konse lisapezeke. Kasinja wofiira ndi dzimbiri thupi lonse ndi uja anapsa kapena anasiyidwa m'tchire zaka zambiri, ndipo ameneyo ndi ntchito ina, yofuna kuti zitseko zikhale pululu ndi udzu umere m'matcheni.

14. Fumbi ndi matope.

Poperani vanishi wosanyezimira kaye, chifukwa fumbi siligwira posalala. Simufunika kugula ufa wa m'mabotolo. Tapani dothi la mtundu umene munasankha, muliwotche m'chiwaya chakale kuti liume ndipo tizilombo tife, mulipere, mulisefe pa nsalu yopyapyala mpaka likhale ngati ufa woyera. Choko cha mitundu chopala ndi mpeni chimathandiza kusintha mtundu. Ndi burashi youma, thirani ufawo pa mawilo, m'matcheni, pansi pa madigadi ndi m'makona a pamwamba pa injini. Donthezani white spirit pambali pake kuti alowerere yekha n'kuugwiritsa. Zikauma, pukutani ndi chala kapena kathonje pamalo pamene anthu amaponda. Fumbi lichuluke m'munsi ndi kumbuyo, lizichepa mukamakwera.

Ngati mukufuna matope, sakanizani dothi lomwelo ndi guluu woyera wa matabwa ndi timadzi, mupake pansi pa thupi ndi kuseri kwa mawilo. Owazika apangeni pokanda mswachi ndi chala, mutayesa kaye pa pepala. Matope ouma amakhala otuwa, aawisi amakhala oderapo ndipo amakhala pamwamba pa oumawo.

15. Mwaye, dizilo ndi chitsulo chowala.

Ekizozi ya T-55 ili kumanzere, pamwamba pa madigadi chakumbuyo. Palani khala likhale ufa, mudetse pakamwa pa ekizoziyo ndi malata oyandikana nayo. Matanki a mafuta akunja ali pa madigadi akumanja: pa zivundikiro zake ikani kadontho ka utoto wamafuta wakuda wosakaniza ndi vanishi wonyezimira, kayenderere pang'ono pamwamba pa fumbi. Kenako tengani pensulo yofewa, mukhwekhwereze pa mano a wilo lokoka, pa nsonga za tcheni zogunda pansi, ndi m'mphepete mwa zitseko, n'kupukuta ndi chala.

16. Lumikizani zonse ndi kusunga.

Ikani mawilo, matcheni ndi mutu. Tinthu tosachedwa kuthyoka, monga mlongoti wa wailesi, tibwere pomalizira. Vanishi musapoperenso pamwamba pa fumbi, amalidetsa n'kulizimiritsa. Khazikani kasinja pa kathabwa kuti muzinyamula thabwalo osati iyeyo, ndipo musungeni m'kabati ya galasi kapena m'bokosi loonekera, kutali ndi zenera, poti dzuwa limasulutsa utoto ndi kupinda pulasitiki. Tizidutswa totsala pa mafelemu sungani m'kabotolo, ndipo mafelemu enieniwo adzakuthandizani poyesera utoto wa kasinja wotsatira.