NGOZI YA PAMADZI IMAYAMBIRA PADOKO

Phunziro la mwezi uno kwa alangizi a zaumoyo, makomiti a m'madoko ndi onse oyenda panyanja

Anthu ambiri amatidziwa ife oyang'anira zaumoyo ndi ntchito yoyendera zimbudzi, zitsime, misika ndi malo odyera. Motero ena adabwa kuona kuti phunziro la mwezi uno likukamba za mabwato ndi maboti. Koma ife amene tikugwira ntchito kuno ku Dwambazi, m'malire a boma la Nkhotakota ndi la Nkhata Bay, timadziwa kuti maliro a munthu womira sasiyana ndi maliro a munthu wofa ndi kolera. Onse awiri amasiya ana amasiye, ndipo imfa zonse ziwirizi n'zopeweka.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2021 chokha anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi. M'chaka chomwecho cha 2021 bungwe la United Nations linapatula tsiku la 25 Julayi kuti likhale lokumbutsana za kupewa imfa zoterezi. Kwathu kuno tsikuli limagwa pakati penipeni pa nyengo ya mwera.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, ndikuyendera malo oyanikira usipa padoko lina, ndinaona boti la matabwa likupakira. Munalowa matumba a chimanga, njinga, mabeseni a usipa, kenaka amayi ndi ana, kufikira madzi anatsala pang'ono kufika pamlomo wa botilo. Mayi wina wachikulire atayang'ana, anatsika ndi mdzukulu wake, anzake namuseka kuti ndi wamantha. Botilo linafika bwino lomwe kumene linkapita, ndipo mpamene pagona vuto. Boti lodzaza mopitirira likafika kakhumi, anthu amayamba kukhulupirira kuti ndiko kayendedwe kake. Nzeru inali ndi mayi uja, pakuti ngozi zambiri za panyanja zimakonzedwa padoko, boti lisananyamuke.

1. NYANJA YATHU NDI MPHEPO ZAKE

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo malo ena kumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Mwera, umene umaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umachokera kummwera n'kumatsata utali wa nyanja. Chifukwa choyenda mtunda wautali wopanda phiri loitchinga, mphepoyi imautsa mafunde amene akamafika kuno amakhala atakula kale. M'dzinja muli mpoto ndi anamondwe odza ndi mvula, amene amabwera modzidzimutsa nyanja itacha bata. Pamathiriro a mitsinje, monga wa Dwambazi ndi wa Dwangwa, madzi a mtsinje wodzaza akakumana ndi mafunde amawinduka, ndipo ndi malo omwenso mumakonda kukhala ng'ona ndi mvuu.

Mphepo ya panyanjayi sisankha kukula kwa chombo. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, itangoyenda maulendo owerengeka okha, inakumana ndi mphepo yamkuntho nigubuduka kufupi ndi Chitimba, kumene kale kunkatchedwa Florence Bay, ndipo anthu 145 anafa. Mu Epulo 2017 boti lonyamula anthu ochokera kumapemphero a Pasaka linagubuduka ku Mlowe m'boma la Rumphi, mabanja nalira. Ngati sitima yachitsulo inagonja, nanga bwato wosema?

Masiku ano nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza pawailesi mwera waukulu usanafike. Chenjezo limenelo ndi la msodzi aliyense ndi wapaulendo aliyense. Ulendo wozengereza ndi tsiku limodzi susautsa ngati maliro.

2. KATUNDU NDI KAKHALIDWE M'BOTI

Boti limayenda bwino pamene mlomo wake uli patali ndi madzi, ndiponso pamene zolemera zili pansi ndi pakati. Thumba limodzi la chimanga ndi makilogalamu 50, pafupifupi kulemera kwa munthu wamkulu. Tsono woyendetsa amene amawerenga anthu okha, osawerenga matumba, amadzinyenga yekha. Boti lolemedwa silikwera funde koma limaliboola, madzi nalowa.

Madzi olowa m'boti ali ndi zoipa ziwiri. Choyamba, lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero kuti ndowa zisanu za malita 20 zikufanana ndi matumba awiri a chimanga amene palibe anawapakira. Chachiwiri, madziwo sakhala malo amodzi. Boti likapendekeka pang'ono, onse amathamangira mbali yomweyo n'kulipendeketsa koposa. Anthunso amachita chimodzimodzi: funde likamenya mbali imodzi, onse amadzuka kuthawira mbali ina, boti n'kugubuduka. Munthu woimirira amakweza kulemera m'mwamba, ndipo bwato wosema suchedwa kutembenuzika naye.

Chifukwa chake, musananyamuke onetsetsani izi:

(a) Katundu wolemera ali pansi, pakati, ndipo wamangidwa kuti asasunthe.
(b) Aliyense wakhala pansi, ndipo ana ali pakati, pafupi ndi munthu wamkulu.
(c) Muli zokapira madzi ziwiri, ndi munthu amene wapatsidwa ntchito yokapa.
(d) Muli nkhafi ngakhale botilo lili ndi injini, chingwe, nangula, mafuta okwanira kupita ndi kubwera, ndi pulagi yapadera.
(e) Muli tochi, wezulo ndi foni yokulungidwa bwino m'jumbo.
(f) Woyendetsa sanamwe mowa kapena kusuta chamba.
(g) Wina wotsala padoko akudziwa kumene mukupita, chiwerengero chanu ndi nthawi yobwerera.

Kwa eni maboti tikuti: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndalama ya anthu asanu oonjezera singagule boti lina kapena kubweza moyo. Kwa okwera tikuti: mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mukaona kuti boti ladzaza, tsikani, angakhale akusekeni.

3. MABOTI AANG'ONO NDI MABOTI OPOPA

Amene anakwerapo sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, akukumbukira kuti m'madoko osaya monga Nkhotakota ndi Usisya sitimayo inkaponya nangula patali, anthu ndi katundu natengedwa ndi maboti aang'ono kukafika kumtunda. Anthu amaupeputsa ulendo wotere poti gombe likuoneka. Komatu mpamene pamakhala kulimbirana, kudumpha ndi kuponyerana katundu, nthawi zina mumdima. Powoloka kuchokera m'chombo china kupita m'chinzake, lowani mmodzimmodzi, manja onse awiri ali opanda kanthu, katundu atsatire pambuyo. Musaike dzanja kapena phazi pakati pa zombo ziwirizo. Mayi amasule mwana kumbuyo n'kumupereka kwa munthu amene wakhala kale pansi.

M'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndiponso kwa opulumutsa anthu, mumaonanso maboti a mphira opopa mpweya. Mabotiwa sayenera kunyozedwa. Mu 1952 dokotala wa ku France, Alain Bombard, anawoloka nyanja ya Atlantic yekha m'boti lotere. Boti lopopa lenileni lili ndi zipinda zingapo za mpweya, kotero kuti chimodzi chikabooka zinazo zimaligwira. Silipendekeka msanga, ndipo mbali zake n'zofewa, zosavulaza munthu amene akuvuulidwa.

Komabe lili ndi zofooka zake. Mpweya ukatenthedwa umafufuma, choncho boti lopopedwa zolimba m'mawa likasiyidwa pamchenga padzuwa la Okutobala likhoza kung'ambika m'misoko. Liikeni pamthunzi kapena liphwetseni pang'ono. Mbedza, mpeni ndi miyala yakuthwa zimaliboola, ndipo mafuta a injini otayikira amaononga mphira. Pofufuza pamene pakutuluka mpweya, pakani thovu la sopo m'misoko ndi pamavalavu. Pochita timathovu mpamene pabooka. Chifukwa chopepuka, injini ikazima mphepo imalikankha msanga kuposa m'mene munthu angapalasire. Woyendetsa amange kumwendo kapena kudzanja kachingwe kozimitsira injini, kuti iye akagwera m'madzi boti lisapitirire lokha kapena kumuzungulira n'kumutema.

Timaboti ta pulasitiki togulitsidwa m'masitolo ngati zoseweretsa, pamodzi ndi machubu a galimoto, si zombo ayi. Mphepo yochokera kumtunda imamutenga mwana wokhala pachubu n'kupita naye kwakuya mwakachetechete.

4. CHOYANDAMITSA

Asodzi ambiri amati, "Ine ndinabadwira m'madzi." Zoona, koma kusambira masana pafupi ndi gombe n'kosiyana ndi kusambira usiku, kutali kumene amakokera chilimira, utavala jekete yolemera, mwina utamenyedwa ndi bwato pamutu kapena mwendo utakodwa mu ukonde. Katswiri amatopa, ndipo wokomoka sasambira.

Jekete yoyandamitsa, imene ambiri amaitcha laifijaketi, imagwira ntchito pokhapokha itavalidwa ndi kumangidwa bwato usananyamuke. Yoikidwa pansi pa matumba kapena yokhalira ngati mtsamiro sithandiza, pakuti bwato umagubuduka m'kanthawi kochepa. Ikhale yolingana ndi thupi. Ya munthu wamkulu imavuka pa mwana. Munthu wodwala khunyu asakwere bwato wopanda kuvala jeketeyi, ndipo asapite yekha kukawedza.

Tikudziwa kuti si aliyense angaigule lero. Poyembekezera, chigubu chopanda kanthu cha malita 20, chotsekedwa zolimba, chimatha kunyamula pafupifupi makilogalamu 20 pamadzi, ndipo zimenezi n'zokwanira kuti munthu wamkulu wochigwira asamize mutu. Mangani kachingwe kogwirira pachigubu chilichonse, ndipo chikhale poyera. Zigubu zina zimangiriridwe zolimba m'kati mwa boti la matabwa kuti likadzaza madzi lisamire. Chigubu sichilowa m'malo mwa jekete, chifukwa munthu akatopa amachitaya, koma n'chabwino kuposa manja okha.

5. NGOZI IKACHITIKA

Bwato ukagubuduka koma ukuyandama, musausiye. Gombe limaoneka pafupi kuposa m'mene lilili, ndipo ofunafuna amaona bwato msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde. Gwirani bwatowo, werenganani, ndipo imbani wezulo. Ngati mulibe chogwira, gonani chagada, tambasulani manja ndi miyendo, n'kumapuma modekha.

Munthu womira kawirikawiri safuula, chifukwa mpweya wonse akulimbana nawo kuti apume. Mukamuona, musathamangire kudumphira m'madzi, pakuti womira amakakamira womupulumutsa, maliro nakhala awiri. Mupatseni nkhafi kapena nsungwi, muponyereni chingwe kapena chigubu, kapena mupiteni ndi bwato. M'bwato wosema mukokereni chakumapeto, osati pambali.

Mukafika naye pouma chitani izi mwamsanga, pakuti ubongo wosowa mpweya umayamba kuonongeka m'mphindi zochepa:

(a) Mugonekeni chagada pamalo olimba. Muitaneni ndi kumugwedeza. Tumani wina akafune galimoto.
(b) Pendeketsani mutu wake chambuyo, kwezani chibwano, ndipo onani ngati akupuma.
(c) Ngati sakupuma bwino, tsinani mphuno yake, muuzireni mpweya pakamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera.
(d) Ikani manja pakati pa chifuwa n'kudinikiza ka 30, mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pamphindi, kulowa masentimita 5 kapena 6 kwa munthu wamkulu. Kwa mwana wamng'ono dzanja limodzi likwanira.
(e) Uzirani kawiri, dinikizani ka 30, ndipo pitirizani motero, mukulandizana, kufikira atayamba kupuma kapena achipatala atamulandira.
(f) Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali, muvuleni zonyowa ndi kumufunditsa.

Chizolowezi chomuzondotsa munthu, kumuzunguza kapena kumuponda pamimba kuti madzi atuluke chiyenera kutheratu. Chimataya nthawi, ndipo chimatulutsa za m'mimba zimene zimakalowa m'mapapo. Musamupatse mowa kuti afundidwe. Aliyense amene anakomoka, kapena amene akutsokomola ndi kubanika, apite naye kuchipatala ngakhale akuyenda yekha, chifukwa mapapo amene munalowa madzi akhoza kuyamba kuvuta patapita maola angapo.

6. UDINDO WATHU

Lamulo la dziko lino loona za maulendo a pamadzi la 1995 limafuna kuti zombo zonyamula anthu zilembetsedwe ndi kupimidwa. Koma wapolisi sangakhale padoko lililonse m'bandakucha uliwonse. Mutu umodzi susenza denga. Makomiti a m'madoko, amene amayang'anira kale za maukonde ndi nyengo yotseka usodzi, akhoza kugwirizana ndi mafumu kuti boti lililonse lilembedwe mzere wa penti wosonyeza polekezera katundu, kuti pakhale buku lolembamo onyamuka ndi obwera, ndiponso kuti padoko pakhale chingwe ndi chigubu chopulumutsira. Alangizi a zaumoyo aphunzitse kauziridwe ka mpweya pamisonkhano ya m'midzi ndi m'masukulu, ndipo azilemba imfa iliyonse ya womira monga amalembera matenda ena, kuti tidziwe madoko ndi miyezi yoopsa.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chifukwa chiyani madzi ochepa m'boti ali oopsa kuposa thumba la kulemera komweko?
2. Tchulani zofooka zitatu za boti lopopa.
3. Mnzanu wagwera m'madzi ndipo inu muli m'bwato. Mungamuthandize bwanji osadumphira m'madzi?
4. Padoko la kwanu, ndani ali ndi mphamvu zoletsa boti lodzaza kunyamuka? Ngati palibe, mudzamusankha liti?

Kupewa kumaposa kuchiza. Kambiranani phunziroli padoko lanu mwera wa chaka chino usanafike.