Zowerenga zandichulukira, mayeso ayandikira

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ndi amayi anga ku Bwacha kuno ku Kabwe. Nditamaliza digiri ya zamalamulo ndinapita ku ZIALE ku Lusaka kuti ndikhale loya wololedwa kuimira anthu m'khoti. Mayeso sanandiyendere bwino. Ndinagwa mapepala atatu: la malamulo a makampani, la kayendetsedwe ka milandu ku High Court ndi la chuma cha masiye. Ndalama zokhalira mu Lusaka zinatha, ndiye ndikuwerengera kunyumba kuti ndikabwereze.

Zowerenga ndili nazo zambiri moti sindidziwa poyambira. Pali manotsi anga a m'kalasi, manotsi a msuweni wanga amene anakhoza mu 2015, mabuku awiri a fotokope, mapepala a mayeso akale, gulu la WhatsApp la anthu oposa 100, ndi mavidiyo a aphunzitsi a ku England pa YouTube. Chimene chanena ichi, icho chikutsutsa. Magetsi akathima ndimawerenga ndi tochi ya foni mpaka tambala woyamba, koma kukacha m'mutu mulibe chatsala.

Tsopano mnzanga akuti ku Lusaka kuli munthu wogulitsa manotsi oti ukawerenga sulephera. Amayi, amene amagulitsa kapenta ndi tomato pamsika, akuti akalandira chilimba mwezi uno andigulira. Ndikawamva akuuza anzawo kuti "loya wanga ali m'nyumba", mtima umandiwawa. Ndigule manotsiwo, kapena ndingozisiya za uloyazi?

Wothedwa nzeru,
Bwacha, Kabwe

Mwanangu,

Manotsiwo usagule, ndipo uloya usausiye. Wagwa mapepala atatu, ena onse unakhoza, ndiye mutu uli nawo. Mayeso a ZIALE ndi odziwika kuti ndi ovuta, ndipo maloya ambiri amene ukuwaona atavala mikanjo yakuda anachita kubwereza. Chimene chikukugwetsa ndi chija akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ukulemekeza zowerenga zako zonse mofanana, pamene sizofanana.

Pamwamba pa zonse pali lamulo lenilenilo monga linatulukira ku Nyumba ya Malamulo, pamodzi ndi zosintha zake. Pansi pake pali zigamulo za makhoti a Zambia. Kenaka manotsi a aphunzitsi ako a chaka chimene unaphunzira. Zina zonse, mabuku, WhatsApp ndi mavidiyo, ndi zongokuthandiza kumvetsa. Ziwiri zikatsutsana, usafunse gulu kuti wolondola ndani. Tsegula lamulo uwerenge wekha gawolo. Malamulo ndi zigamulo zambiri zili pa webusaiti ya ZambiaLII kwaulere.

Tiyambe ndi manotsi a msuweni wako. Iye anakhoza, inde, koma anakhoza malamulo a 2015. Nthawi imeneyo makampani ankayendera lamulo lakale la Cap 388, limene linalowedwa m'malo ndi Companies Act ya 2017, ndipo nkhani za kampani yolephera kubweza ngongole zinapatsidwa lamulo lakelake, Corporate Insolvency Act ya 2017. Ukalemba gawo la Cap 388 lero, wochonga mayeso adziwa pomwepo kuti wawerenga zakale. Pa apilo ndi chimodzimodzi. Manotsiwo akuuza kuti munthu akaluza ku High Court amapita ku Supreme Court, chifukwa Court of Appeal ndi Constitutional Court zinadza ndi kusintha kwa Constitution mu 2016. Tengamo kalembedwe kake ka mayankho, ngati kali bwino. Manambala a magawo uwasiye.

Mavidiyo a ku England ndiwo msampha woposa. Mphunzitsi amalankhula bwino, zimalowa, koma akuphunzitsa Civil Procedure Rules zimene dziko lawo linayamba kutsata mu 1999. Kuno timayamba ndi High Court Act ndi malamulo ake, ndipo pamene apereŵera timapita ku White Book ya 1999, imene ili ndi malamulo amene Angereziwo anawasiya. Mabandulo amene ukuthera pamenepo akukugulira chisokonezo.

Tsono kawerengedwe kako ukatembenuze. Usayambe ndi buku, yamba ndi funso. Gula makope atatu achikuto cholimba, limodzi pa pepala lililonse. M'mawa mutu usanatope, tenga funso limodzi la mayeso akale, tseka mabuku onse, ika wotchi patebulo, ulembe yankho ndi dzanja monga mmene udzalembere tsikulo. Ukatha, tsegula lamulo uone pamene waphonya, kenaka chigamulo chimodzi kapena ziwiri, kenaka manotsi a m'kalasi. Buku ulitsegule pokhapokha mfundo ikakanirira. Zimene wapeza uzilembe m'kope muja m'mawu ako, pambali pake nambala ya gawo ndi dzina la mlandu. Sabata yomaliza udzawerenga makope atatuwo basi.

Tiyese limodzi. Bambo wa ku Bwacha wamwalira osalemba wilo, wasiya K200,000 ku banki, nyumba imodzi, ndi munda kumudzi ku Katete umene anapatsidwa ndi mfumu. Intestate Succession Act ya 1989 ikuti mkazi alandire 20 peresenti, ana 50, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Ndiye mkazi K40,000, ana K100,000, makolo K40,000, odalira K20,000. Pamenepa aliyense wa m'gulu la WhatsApp afika. Wokhoza ndi amene apitirire kunena kuti gawo la ana ligawidwa moganizira msinkhu ndi zosowa za sukulu za mwana aliyense, kuti mkazi ali ndi ufulu wokhala m'nyumbamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso, ndiponso kuti munda uja suli pansi pa lamuloli chifukwa ndi malo a mafumu. Zonsezi zili m'lamulo lomwelo, masamba ochepa chabe. Sizifuna munthu wa ku Lusaka.

Gulu la anthu 100 ndi msika, uzingolowamo kamodzi patsiku kuona zilengezo. Pezamo anzako awiri kapena atatu amene akubwereza mapepala omwewo, muzilemba funso limodzi aliyense payekha, kenaka muzisinthana mayankho ndi kuchongerana mopanda chisoni. Mutu umodzi susenza denga, koma denga silisenzedwanso ndi anthu ongoimirira kuonerera. Ndipo popeza Kabwe ili ndi High Court, uzipita kukakhala kumbuyo m'khoti tsiku limodzi pasabata. Kumva loya akupempha ndi jaji akuyankha kumakhazika m'mutu zimene papepala zimaoneka zouma.

Za tambala woyambazo usiye. Uziwerenga masana kuwala kulipo, usiku ugone.

Amayi akowo ukhale nawo pansi madzulo ano, akabwera kumsika. Uwauze kuti manotsi oti munthu salephera kulibe, ndipo wogulitsayo ukagwa sadzabweza ngakhale ngwee imodzi. Ngati mtima wawo uli pokuthandiza, ndalama ya chilimbayo isindikize malamulo amene ukufunikira kuti ukhale nawo papepala magetsi akathima, yotsalayo isungidwe ya basi ndi malo ogona ku Lusaka nthawi ya mayeso. Akakutchula "loya wanga" usamve ngati ndi ngongole, akungokunyadira. Funso loyamba ukalilemba, uwawerengere yankho la chuma cha masiye lija. Pamsika pali amayi amasiye amene nkhani imeneyi inawagwera, ndipo mafunso amene amayi ako akufunse akuonetsa ngati wamvetsadi.

Azakhali