Yankho kwa Mayi a ku Cobue Ofuna Kutsatira Mwana ku Joni

Mayi athu a ku Cobue, kalata yanu yatipeza. Mwati mwana wanu ali ku Johannesburg ndipo akufuna mukakhale naye. Nkhani yabwino, koma choyamba mumufunse: kodi mapepala ake ndi otani? Chilolezo cha achibale ku South Africa chimaperekedwa pokhapokha mwanayo ali nzika ya kumeneko kapena ali ndi chilolezo chokhazikika. Ngati ali ndi chongogwirira ntchito, khomo limeneli n'lotseka.

Ngati zili bwino, yambani ndi pasipoti. Mudzere ku Metangula mpaka ku Lichinga, ku SENAMI, ofesi yopereka mapasipoti. Mufunikanso chikalata cha kubadwa cha mwanayo chokhala ndi dzina lanu, kalata ya dokotala, ndi chikalata chosonyeza kuti mulibe mlandu. Mwanayo aonetse kuti amapeza R8,500 pamwezi yokusamalirani. Zonsezi zipite ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Maputo. Chilolezocho sichipitirira zaka 2, ndipo simungagwire nacho ntchito.

Chonde mayi, musagulitse bwato ndi maukonde kuti mulipire munthu wolonjeza njira yachidule. Ngati n'kungokaona adzukulu, pasipoti ya Mozambique yokha imakulolani masiku 30 opanda viza, koma musapyole masikuwo, angakuletseni kulowanso.