Makalata a Omvera: Nyali za LED m'Bokosi la Magemu

Zikomo achimwene a ku Ndirande chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwakhoma bokosi la magemu, lija la mabatani ndi kandodo koseweretsa, ndiye mukufunsa kuti nyali za LED muzitengere moto pati.

Choyamba, musazilumikize mwachindunji ku soketi ya pakhoma. Soketi zathu kuno zimatulutsa 230V, pomwe malamba ambiri a LED amafuna 12V kapena 5V ya DC. Werengani zomwe zalembedwa pa lamba wanuyo.

Ngati m'bokosimo muli kompyuta, power supply yake ikukwanirani. Pa pulagi yake ya Molex, waya wachikasu ndi wa 12V, wofiira ndi wa 5V, akuda awiriwo ndi a negative. Mukapereka wachikasu ku nyali za 5V, zipsa pomwepo.

Mukafuna adaputala yapadera, tiwerengere limodzi. Lamba wa mtundu wa 5050 wa nyali 60 pa mita amadya pafupifupi mawati 14.4 pa mita iliyonse. Mamita awiri ndi mawati 29, omwe pa 12V ndi ma ampu 2.4. Gulani ya ma ampu 3 kuti isamatenthe.

Enanu ogwiritsa ntchito kakompyuta ka Raspberry Pi, musatengere moto pa timapini take, simungakwanitse lamba wotere. Nayo USB 2.0 imapereka theka la ampu basi.

Ikani fyuzi pa waya wa positive, ndipo zulani pulagi musanagwire mawaya. Kumbukirani kuti bokosilo ndi lamatabwa, waya akatentha limayaka msanga. Mudzatilemberenso mukamaliza, achimwene.